Honeyberry, chipatso cha kuchisanu chimene sichibereka chili chokha

Kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, kumene nthaka imauma gwa ndi chisanu kwa miyezi yambiri, kuli kachipatso kamene kamapsa sitiroberi asanafiire n'komwe. N'kabuluu, kotalikirapo, ndipo kamabereka pa chitsamba chimene anthu a ku Russia amati zhimolost, a ku Japan ndi ku Canada amati haskap, pomwe ogulitsa mbande ku Britain ndi ku America amakonda dzina loti honeyberry. Zaka 30 zapitazo, anthu ambiri a kumadzulo kwa Ulaya ndi ku America anali asanachimvepo. Lero chili m'minda ikuluikulu ku Poland, ku Canada ndi ku Scotland, komanso m'timadimba ta kuseri kwa nyumba.

Chomerachi sichivuta kusamala, komabe alipo ambiri amene amadandaula kuti chawo chikungochita masamba osabereka. Kawirikawiri vutolo limakhala litayambira pa tsiku logula mbande, chifukwa pa honeyberry kusankha mtundu ndiye ntchito yaikulu.

Kodi honeyberry ndi chomera chotani?

Dzina lake la sayansi ndi Lonicera caerulea, ndipo ndi cha banja limodzi ndi maluwa onunkhira otchedwa honeysuckle. Chimamera chokha m'nkhalango, m'madambo ndi m'mphepete mwa mitsinje ku Siberia, ku Kamchatka, pa zilumba za Kuril, kumpoto kwa China, pa chilumba cha Hokkaido ku Japan, ndiponso ku Canada. Sichiyanga ngati abale ake ena. Chimakhala chitsamba cha nthambi zambiri, chopanda minga, chotalika mita imodzi mpaka mamita awiri. Nyengo yozizira ikafika chimayoyola masamba onse n'kugona.

Kupirira kwake n'kodabwitsa. Chikagona chimapulumuka kuzizira kofika madigiri 40 pansi pa ziro, ndipo maluwa ake, ngakhale atatseguka kale, amapirira chisanu cha madigiri 7 pansi pa ziro, chomwe chingapsereze maluwa a mapichesi usiku umodzi wokha. Maluwawo ndi ang'onoang'ono, achikasu chotuwa, ndipo amatuluka awiriawiri. Awiriwo ndi amene amapanga chipatso chimodzi. Chipatsocho chimatalika masentimita awiri kapena kuposerapo, khungu lake ndi lopyapyala lokhala ndi kaufa kotuwa pamwamba, ndipo njere zake n'zazing'ono moti munthu sazimva n'komwe pakamwa.

Chinachoka bwanji kutchire kufika m'minda?

Anthu a mtundu wa Ainu a ku Hokkaido ndi anthu a ku Siberia akhala akuthyola zipatsozi m'tchire kuyambira kalekale. Koma za kutchirezo zambiri n'zowawa, zina zosadyeka. Ntchito yosankha zitsamba zokoma n'kuzikwatitsa inagwidwa mwakhama ku Soviet Union kuyambira m'zaka za m'ma 1950, makamaka kumalo ofufuzira za ulimi a ku Barnaul, ku Bakchar m'chigawo cha Tomsk, ndi ku Pavlovsk kufupi ndi mzinda wa St Petersburg. Kumeneko n'kumene kunachokera mitundu monga Goluboe Vereteno, Sinyaya Ptitsa, Morena, Nimfa ndi Bakcharsky Velikan.

Ku Japan nkhani yake inayenda mwina. Chigwa cha Yufutsu, pafupi ndi mzinda wa Tomakomai, chinali chodzaza ndi haskap womera yekha. Doko ndi mafakitale zitayamba kudya malowo m'zaka za m'ma 1970, anthu anazula zitsamba zambiri n'kukazibzala m'minda, ndipo lero tauni ya Atsuma, yoyandikana ndi Tomakomai, imadziwika ndi ulimi umenewu.

Ku America ndi ku Canada ntchitoyi inatsogoleredwa ndi akatswiri awiri. Dr Maxine Thompson, yemwe anaphunzitsapo pa Oregon State University, anaipitiriza atapuma kale pa ntchito, ndipo anadalira mbewu zochokera ku Hokkaido. Dr Bob Bors wa pa University of Saskatchewan ku Canada, pamodzi ndi anzake, anasonkhanitsa mitundu ya ku Russia, ya ku Japan ndi ya ku Kuril n'kumaikwatitsa. Mu 2007 anatulutsa Borealis ndi Tundra, mitundu imene inatsegula ulimi wa haskap m'dziko lonse la Canada. Ku Ulaya, bungwe la European Union linavomereza kuti zipatsozi zizigulitsidwa ngati chakudya kumapeto kwa 2018.

N'chifukwa chiyani chitsamba chimodzi sichikwanira?

Duwa la honeyberry sililandira bwino mungu wa mtundu wake womwe. Limafuna mungu wochokera ku mtundu wina. Apa ena amasokonezeka poganiza kuti zili ngati papaya, amene amakhala wamwamuna ndi wamkazi. Pa honeyberry palibe chitsamba chachimuna: zonse ziwiri zimabereka, chilichonse chikudalira mungu wa chinzake.

Tsono pali misampha itatu. Woyamba ndi kugula mbande ziwiri za dzina limodzi. Mbande za ku nazale amazichulukitsa podula timitengo kapena m'labotale, choncho mbande 10 za mtundu umodzi, monga wotchedwa Aurora, zili ngati chitsamba chimodzi chogawidwa ka 10, ndipo sizingapatsane mungu. Wachiwiri ndi kugula mitundu iwiri ya pachibale kwambiri. Borealis, Tundra ndi mitundu ya Indigo inabadwa kwa makolo amodzi, motero mayina ake ndi osiyana koma siipatsana mungu mokwanira. Msampha wachitatu ndi wa nthawi: mtundu wofulumira ukhoza kukhala utayoyola maluwa pamene wochedwa ukungoyamba kumasula.

Wonyamula mungu nayenso ndi wofunika. Honeyberry amachita maluwa kukadali kozizira, nthawi imene njuchi za uchi zimakhala zikadabindikira mumng'oma. Zimene zimagwira ntchito yaikulu ndi njuchi zazikulu zaubweya zotchedwa bumblebee, zomwe zimauluka ngakhale m'mawa wozizira. N'chifukwa chake zitsamba ziwirizo ziyenera kuyandikana, osati china kutsogolo kwa nyumba china kuseri.

Ndiye ndi mitundu iti imene imayenderana?

Pa mitundu yofulumira ya ku Saskatchewan, Aurora ndi amene wathandiza anthu ambiri. Anabadwa pokwatitsa mtundu wa ku Russia ndi wa ku Japan, ndipo si m'bale wa Borealis, Tundra kapena Indigo Gem, choncho amayenderana ndi uliwonse wa itatuyi. Honey Bee anatulutsidwa makamaka kuti azipereka mungu; amakula msanga, amachita maluwa ambiri, koma zipatso zake n'zowawasa, zoyenera jamu kapena juwisi. Berry Blue ndi mtundu wakale umene unkagwira ntchito yomweyo Honey Bee asanabwere.

Pa mitundu yochedwa pali itatu ya dzina la Boreal. Boreal Blizzard amamasula maluwa patsogolo pa Boreal Beauty, ndipo masiku amene maluwa awo amakumana ndi ochepa. Boreal Beast amakhala ndi maluwa nthawi yotalikirapo moti amakumana ndi onse awiri. Wofuna Blizzard kapena Beauty amachita bwino kutenganso Beast.

Kwa mitundu ya Dr Thompson, Maxie ndi Solo kawirikawiri amagulitsidwa pamodzi. Solo amatha kubereka pang'ono ali yekha, koma amachulutsa zipatso akakhala ndi mnzake. Pa mitundu ya ku Poland, Wojtek ndi Zojka amabzalidwa limodzi. M'minda ya malonda alimi amasinthanitsa mizere ya mitundu iwiri kapena itatu, pomwe pakhomo chitsamba chimodzi chopereka mungu chimakwanira zinzake zingapo zoyandikana nacho.

Mitundu ya ku Russia ndi ya ku Japan imasiyana pati?

Imasiyana pa kadzukidwe. Ku Siberia chisanu chikagwa chimakhala mpaka nthawi yake itatha, ndipo chilimwe n'chachifupi, kotero mitundu ya kumeneko inazolowera kudzuka msangamsanga kukangofunda. Khalidwe limeneli ndi labwino ku Tomsk kapena ku Saskatoon. Kumadera amene nyengo yozizira imasinthasintha, monga kumwera kwa England kapena kumadzulo kwa Oregon, limasanduka vuto. Kukangofunda sabata imodzi mu Januwale kapena Febuluwale, chitsamba chija chimanyengeka n'kumasula maluwa njuchi kulibe, ndipo chaka chimenecho zipatso zimachepa.

Mitundu ya ku Japan ndi ya ku Kuril imachedwa kudzuka, nthawi zina ndi masabata angapo. Maluwa ake amatuluka njuchi zitayamba kuyenda, ndipo masamba ake amapirirako bwino dzuwa la chilimwe. Ichi n'chifukwa chake Dr Thompson anatembenukira ku mbewu za ku Hokkaido ataona kuti za ku Russia sizikuchita bwino m'chigwa cha Willamette ku Oregon.

Choncho munthu wa ku Manchester, ku Glasgow kapena ku Dublin amene ali ndi kadimba kuseri kwa nyumba amapindula ndi mitundu yochedwa kapena ya magazi osakaniza, monga Aurora, ya Boreal ndi ya Dr Thompson. Wa ku Edmonton kapena ku Winnipeg, ku Canada, angabzale pafupifupi mtundu uliwonse.

Nanga pa kakomedwe ndi kukula kwa zipatso?

Anthu olawa koyamba amavutika kufotokoza kakomedwe kake. Kamakhala pakati pa kutsekemera ndi kuwawasa, ndipo madzi ake ndi ofiirira kwambiri moti amadetsa zala, milomo ndi malaya. Mitundu ina yakale ya ku Russia imasiya kuwawa kukhosi, ndipo imeneyo ndi imene inaipitsa mbiri ya chipatsochi kwa anthu amene anayamba ndi iyo.

Aurora amatchuka ndi kutsekemera, chipatso chake chimalemera pafupifupi magalamu awiri, ndipo chitsamba chake chimakula choimirira moti kuthyola sikuvuta. Boreal Blizzard ali ndi zipatso zazikulu kwambiri pa mitundu ya ku Saskatchewan, zoyandikira magalamu atatu, zopanda asidi wambiri. Boreal Beauty ali ndi zipatso zonenepa ndi zolimba, ndipo amapsa mochedwa kuposa anzake, zomwe zimatalikitsa nyengo yokolola. Tundra ali ndi khungu lolimbirapo, n'chifukwa chake alimi okolola ndi makina anamukonda. Borealis ndi wokoma, koma ndi wamfupi ndipo amabisa zipatso pansi pa masamba. Wothyola amayenera kugwada n'kumatukula nthambi imodziimodzi. Indigo Gem amabereka kwambiri, ngakhale masamba ake amagwidwa msanga ndi matenda.

Chinthu china choyenera kufunsa ndi chakuti mtunduwo umagwira zipatso kapena umayoyola. Ina ya ku Russia imagwetsa zipatso zikangopsa, kamphepo pang'ono basi pansi pali buluu. Kwa munthu amene amafika kudimba Loweruka lokha, mtundu wotere ndi wotayitsa.

Kodi ku Malawi kapena ku Zambia chingabereke?

Nyengo ya kumeneko siichilola. Honeyberry amafuna kugona m'kuzizira kwa maola mazanamazana, kutentha kuli pansi pa madigiri 7, kuti masamba ndi maluwa adzatuluke bwino. Ku Nyika, ku Dedza ndi pamwamba pa phiri la Mulanje chisanu chimagwa ndithu mu Juni ndi Julayi, koma ndi cha usiku ndi m'bandakucha. Dzuwa likakwera kumafunda. Kuzizira kotere kumakwanira mitundu ya mapichesi imene imabereka ku Dedza ndi ku Ntcheu, yomwe imafuna tulo tochepa. Chomera cha ku Siberia sichikhuta nako.

Ndipo chikanati chidzuke, chikanakumana ndi dzuwa la Okutobala. Masamba a honeyberry amapsa kutentha kukapitirira madigiri 30 kwa masiku ambiri. Mlimi wa m'mapiri a ku Malawi wofuna tizipatso ta mtundu umenewu ali kale ndi zimene zimachita bwino, monga sitiroberi ndi mabulosi amene amagulitsidwa m'mbali mwa msewu wokwera phiri la Zomba.

Chimafuna dothi lotani, ndipo chimabzalidwa bwanji?

Apa mpamene honeyberry amaposa chipatso china chabuluu chotchedwa blueberry. Blueberry amafuna dothi la asidi wambiri, la pH ya pakati pa 4.5 ndi 5.5, ndipo m'madimba ambiri amangochita chikasu n'kufa. Honeyberry amakula bwino pa pH ya 5.5 mpaka 7.5, m'dothi la mchenga ngakhale lamakande, bola likhale ndi manyowa ndipo madzi asamadikhe nthawi yaitali. Kumadera ozizira amafuna dzuwa la tsiku lonse. Kumene chilimwe chimatentha, kamthunzi ka masana kamamuthandiza.

Nthawi yabwino yobzala ndi pamene masamba akuyoyoka, cha mu Okutobala ndi Novembala kumayiko a kumpoto, kapena chisanu chikangotha. Popeza chomerachi chimadzuka msanga, chobzalidwa nyengo yozizira isanafike chimayamba bwino. Dzenje likhale lotakata kuposa mizu, dothi lake lisakanizidwe ndi kompositi, ndipo mbande ilowe pansi pang'ono kuposa mmene inalili mu chubu, kuti itulutse nthambi zambiri kuchokera m'nthaka. Pakati pa chitsamba ndi chinzake pakhale mita imodzi kwa wofuna mpanda, kapena mita ndi theka kwa wofuna kumazungulira chilichonse pothyola.

Chisamaliro chake n'chotani?

Mdani wamkulu wa mbande yaing'ono ndi udzu. Mizu ya honeyberry imayenda pamwamba, motero udzu ukaizinga, mbande imapinimbira zaka zingapo. Khasu nalo ndi loopsa chifukwa limadula mizu yomweyo. Njira yabwino ndi kuzula udzu ndi manja n'kuphimbira pansi ndi makungwa ogaya, masamba owola kapena udzu wouma, osagunditsa pa tsinde. Zaka ziwiri kapena zitatu zoyamba, kuthirira kusadukize kukauma. Feteleza safunika wambiri; kompositi kamodzi pa chaka, chisanu chikamatha, amakwanira m'madimba ambiri.

Kudulira sikufunika m'zaka zitatu kapena zinayi zoyamba, kupatula kuchotsa nthambi zouma ndi zothyoka. Zipatso zimabwera pa mphukira zotuluka pa nthambi za chaka chatha, choncho wometa chitsamba pamwamba ngati mpanda wa maluwa amataya zokolola zake. Chitsamba chikakula n'kuthithikana, mwini wake amadula nthambi zakale zingapo m'munsi mwenimweni, kumapeto kwa nyengo yozizira, kuti dzuwa ndi mphepo zilowe mkati. Asachotse zopitirira gawo limodzi mwa magawo anayi pa chaka.

Pamafunika kudekha. Chaka chachiwiri pamakhala tizipatso tongolawa. Zokolola zenizeni zimayamba chaka chachinayi kapena chachisanu, ndipo chitsamba chokhwima cha mtundu wabwino chimatha kupereka makilogalamu awiri kapena atatu pa chaka, kwa zaka zambiri.

Munthu amadziwa bwanji kuti zipatso zapsa?

Maso amanama pa chipatsochi. Khungu limasanduka buluu mkati mukadali mosapsa, ndipo ambiri amene amati honeyberry ndi wowawasa anathyola nthawi isanakwane. Njira yake ndi kuthyola chimodzi n'kuchiluma pakati. Mkati mukaoneka mobiriwira, chisiyeni. Mukakhala mofiirira mpaka pakati, chapsa. Kuchokera pamene khungu lasintha mpaka kupsa kwenikweni pamatha sabata imodzi, ziwiri, nthawi zina zitatu, malinga ndi mtundu ndi nyengo.

Ku Britain mitundu yofulumira imapsa kumapeto kwa Meyi ndi mu Juni. Ku Saskatchewan imayamba kumapeto kwa Juni, ndipo yochedwa imafika kumapeto kwa Julayi. Kuthyola chimodzichimodzi n'kotopetsa, tsono ambiri amayala nsalu kapena pulasitiki pansi n'kugwedeza nthambi. Zakupsa zimagwa zokha. Ena amaika ambulera yotembenuza pansi pa nthambi. Popeza khungu ndi lofewa, zipatsozo zisaunjikidwe m'ndowa yakuya, chifukwa za pansi zimaphwanyika n'kuchucha madzi.

Ndi zilombo ziti ndi matenda ati amene amavutitsa?

Mbalame ndiye vuto loyamba. Pa nthawi imene honeyberry akupsa, zipatso zina kutchire zimakhala kulibe, ndiye mbalame zonse za m'deralo zimathamangira komweko. Ku Canada, gulu la mbalame zotchedwa cedar waxwing limatha kumaliza chitsamba tsiku limodzi, pomwe ku Britain akuba ake ndi blackbird. Zimayamba kujompha khungu likangosintha, mwini dimba akudikira kuti mkati mupse. Ukonde uyenera kuikidwa zipatso zikangoyamba kuda, ukhale wa maso ang'onoang'ono, wokwezedwa pa mitengo kuti usagone pa nthambi, ndi wotsekedwa bwino m'munsi.

Matenda oopsa ndi ochepa. Lofala ndi lija loika kaufa koyera pa masamba, lomwe limabwera kukatentha, kawirikawiri zipatso zitathyoledwa kale. Pofika Ogasiti masamba a mitundu ina amakhala atapsa, ofiirira, ena atayoyoka, moti wosadziwa amaganiza kuti chitsamba chafa n'kuchizula. Sichinafe: chinamaliza ntchito yake ya chaka, ndipo chidzaphukanso chisanu chikatha. Kumadera a akalulu ndi agwape, mbande zazing'ono zimafuna kutchingira ndi waya.

Zipatsozo amazidya motani, ndipo pali choopsa chilichonse?

Zimadyedwa zaziwisi, koma sizikhalitsa. Mufiriji zimatha masiku ochepa chabe. Ambiri amaziumitsa ndi ayezi, ndipo khungu lake limasungunuka bwino mu yogati, mu ayisikilimu ndi mu phala. Amapangira jamu, juwisi ndi vinyo. Ku Tomakomai kuli keke yopinda yotchedwa Yoitomake, yopakidwa jamu wa haskap kunja kwake, imene alendo amagula ngati mphatso ya ku Hokkaido. Zipatsozi zili ndi vitamini C komanso anthocyanin wambiri, yemwe ndi amene amazipatsa mtundu wakudawo.

Chenjezo lili pa abale ake. Mitundu yambiri ya honeysuckle yobzalidwa ngati maluwa kapena yomera m'mipanda imabereka tizipatso tofiira kapena ta olenji tozungulira, ndipo timeneto sitidyedwa chifukwa timadwalitsa m'mimba. Pakhomo pamene pali ana, ndi bwino kuwaonetsa kusiyana kwake: chodyedwa ndi chabuluu, cha pa chitsamba chimene makolo anabzala okha.

Wopita kukagula mbande afunse chiyani?

Choyamba ndi dzina la mtundu. M'masitolo ambiri a zomera ku Ulaya mumapezeka mbande zolembedwa kuti honeyberry kapena Lonicera kamtschatica basi, popanda dzina lina. Mbande yotere ikhoza kukhala yomera ku njere, ya zipatso zazing'ono zowawa, ndipo palibe njira yodziwira mnzake woyenderana naye. Chachiwiri ndi nthawi ya maluwa: wofulumira, wapakati kapena wochedwa. Chachitatu ndi mtundu umene nazaleyo ikulangiza kuti ukhale wopereka mungu, ndi ngati uli m'sitolo tsiku lomwelo.

Mbande ya zaka ziwiri, ya nthambi zingapo ndi mizu yodzaza bwino mu chubu, imayamba kubereka msanga kuposa kamtengo kamodzi ka chaka chimodzi, ngakhale mtengo wake ndi wokwererapo. Wokhala ndi malo a zitsamba ziwiri zokha kudera lozizira kwambiri angayambe ndi Aurora ndi Indigo Gem kapena Honey Bee. Wa kudera la chisanu chosinthasintha angatenge Boreal Blizzard ndi Boreal Beast, kapena Maxie ndi Solo. Wokhala ndi malo a zinayi angabzale ziwiri zofulumira ndi ziwiri zochedwa, n'kumathyola kwa mwezi wathunthu kapena kuposerapo.